Arch Linux kwa munthu woyamba kumene: muyeseni motere osataya mafayilo anu

Mwana wa achemwali anga anafika kwathu Loweruka lina atapanira laputopu kukhwapa, ThinkPad T430 yogula kwa munthu wina, kiyibodi yake itanyezimira chifukwa cha kutha. Asanakhale n'komwe pampando anati, "Malume, mundiikire Arch Linux. Anzanga akuti Linux yeniyeni ndi imeneyo."

Ndinamufunsa ngati ntchito zake za kukoleji zili mu laputopu yomweyo. Anavomera. Ndinamufunsanso ngati ali ndi kompyuta ina yoti n'kudalira imeneyi ikakana kuyaka Lolemba m'mawa. Anapukusa mutu. Ndiye ndinamuuza kuti Arch timuika ndithu, koma osati lero, komanso osati pa diski yomwe ikusunga sukulu yake.

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito Arch, mtundu umodzi wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta monga Windows, kwa zaka zingapo ndipo ndimamukonda. Sindivomereza zonena anthu ena zoti ndi wa akatswiri okhaokha. Munthu aliyense wotha kuwerenga Chingerezi modekha, mzere ndi mzere, angathe kumuika. Funso lomwe ndimafunsa woyamba kumene n'lakuti, kompyutayo ikafa masiku atatu, chiwonongeke n'chiyani? Ngati ndi mayeso, malipiro a antchito kapena makasitomala a pashopu, Arch adikire kaye. Ngati palibe chowonongeka, tiyeni.

Mnyamatayu anali ndi chifukwa chomveka chofunira Linux. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. T430 ndi ya mu 2012, siyiloledwa. Malaputopu ambiri omwe timagula ogwiritsidwa kale ntchito ali m'gulu lomweli, pomwe makina ake akadali amphamvu bwinobwino. Linux ndiyo imawapatsa moyo wina. Koma Linux ilipo mitundumitundu. Chimene Linus Torvalds anayamba ku Helsinki mu 1991 ndi mtima wake chabe, wotchedwa kernel, ndipo magulu osiyanasiyana amautenga n'kuuvekera mapulogalamu. Debian inayamba mu 1993. Ubuntu anaiyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, dzina lake ndi umunthu womwewu timaudziwa ife. Linux Mint inabwera mu 2006 itamangidwa pa Ubuntu. Arch anamuyamba Judd Vinet wa ku Canada, n'kumutulutsa koyamba mu March 2002.

Kusiyana kwake ndimakufotokoza ndi chimanga. Mint akukupatsani nsima yophikaphika pambale, ndiwo zili pambali, inu n'kungosamba m'manja. Arch akukupatsani chimanga cha m'nkhokwe. Mutonongole nokha, mukakonole, mupete, muviike mphale, muyanike, mubwererenso kuchigayo. Ufa wake udzakhala momwe mumaufunira inuyo, ndipo mudzadziwa chilichonse chomwe chalowamo. Koma wanjala ya lero saviika mphale. Mukamuyatsa Arch koyamba simuona chithunzi chilichonse, mausi sagwira ntchito, pali sikirini yakuda ndi kamzere kothwanima kodikira kuti mulembe komandi. Palibe browser, palibe choseweretsa nyimbo, ngakhale pulogalamu yolumikizira Wi-Fi muyenera kukumbukira kuiika nokha.

Chachiwiri chomwe anzake a mnyamatayu sanamuuze ndi nkhani ya bandulo. Ubuntu amatulutsa mtundu wokhalitsa mu April pakapita zaka ziwiri zilizonse, monga 24.04, n'kuusamalira zaka zisanu, ndipo Mint amatsatira womwewo. Pakati pa zakazo amangokutumizirani zigamba. Arch alibe mitundu yotero. Pulogalamu iliyonse ikangotuluka yatsopano, posapita nthawi yafika kwa inu, ndipo zimenezi sizitha. Pa kompyuta yanga sabata ina ndimatsitsa 300MB, ina kupitirira 1GB, malinga ndi zomwe zasintha. Kwa munthu wokhala ndi intaneti yopanda malire si nkhani. Kwa ife ogula bandulo ya pafoni ndi ndalama zenizeni, ndipo muyenera kuziwerengera musanayambe.

Tsiku limenelo tinayamba ndi kukopera mafayilo ake onse pa hadi diski yakunja, n'kutsegula angapo kuti titsimikize kuti akoperekadi. Kenako tinaika Linux Mint, ya maonekedwe (desktop) otchedwa Xfce poti ndi yopepuka. Zinatenga nthawi yosakwana ola, Wi-Fi n'kugwira yokha. Ndinamupatsa ntchito ya mwezi wathunthu: tsiku lililonse atsegule terminal, zenera lolembamo makomandi, achitemo kanthu kamodzi komwe akanachita ndi mausi. Kuona zili mufoda ndi ls, kulowa mufoda ndi cd, kukopera ndi cp, kusintha fayilo ndi nano, kuona madiski ndi lsblk. Wosazolowera zimenezi, Arch amamukomola pa mphindi khumi zoyambirira.

Mwezi utatha tinaika VirtualBox mkati mwa Mint. Iyi ndi pulogalamu yomwe imapanga kompyuta yongoyerekeza mkati mwa kompyuta yanu, yokhala ndi diski yakeyake yomwe kwenikweni ndi fayilo chabe. Mungaifafanize kakhumi, mafayilo anu enieni osakhudzidwa. Ipatseni RAM ya 2GB ndi diski ya 20GB, ndipo m'ma settings ake chongani pomwe alemba za EFI, njira yatsopano yoyatsira kompyuta yomwe imatchedwanso UEFI, kuti zomwe muphunzire zifanane ndi za pa laputopu yeniyeni. Fayilo yoikira Arch, yotchedwa ISO, itengeni pa archlinux.org pokha. Ndi yopitirira 1GB, choncho dikirani bandulo ya usiku kapena Wi-Fi ya kuntchito.

Kuyambira mu April 2021, mu ISO muli kapulogalamu kotchedwa archinstall komwe kamakufunsani mafunso n'kukuikirani zonse. Ndi kabwino ndipo ndimakagwiritsa ntchito ndikakhala pachangu. Koma ulendo woyamba musakagwire. Tsiku lomwe Arch wanu adzakane kuyaka, njira yomukonzera ndi yomweyi yoikira pamanja, ndipo amene anadutsa pa archinstall amangoima manja m'chiuno osadziwa poyambira.

Tsegulani tsamba la Installation guide pa ArchWiki, webusayiti ya malangizo a Arch, pafoni yanu, liyandikire. Zomwe ndilembe apa ndi njira yomwe ndimatsata ine pa kompyuta ya UEFI, koma ngati zasemphana ndi za pa ArchWiki, tsatirani za kumeneko, chifukwa tsambalo amalikonza nthawi zonse.

Choyamba ndi intaneti. Mu VirtualBox imagwira yokha. Pa laputopu yeniyeni, njira yosavutitsa ndi kulumikiza foni ndi chingwe n'kuyatsa USB tethering. Ngati ndi Wi-Fi, lembani iwctl, kenako station wlan0 connect ndi dzina la netiweki yanu, ikufunsani pasiwedi, mutuluke ndi exit. Yesani ndi:

ping archlinux.org

Mayankho akayamba kutsika, imitsani ndi Ctrl+C.

Tsopano pa diski, ndipo apa ndi pomwe ndimapempha munthu aliyense kuti achotse manja pa kiyibodi awerenge kaye. Lembani lsblk. Muona mayina monga sda, sdb kapena nvme0n1, pambali pake pali kukula kwa diski iliyonse. Musadalire dzina, dalirani kukula. Fulashi yanu ya 8GB ndi diski ya 500GB sizingafanane. Ine ndinalakwitsapo zimenezi zaka zapitazo. Ndinasiya hadi diski yakunja ili chilumikizire, ndinaganiza kuti sda ndi ya mkati monga mwa masiku onse, ndipo ndinafafaniza zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga zomwe zinalibe kwina. Linux sakufunsa kawiri. Mpaka lero zimandipweteka, n'chifukwa chake ndimati zulani chilichonse chosafunika pa USB musanafike pamenepa.

Mukatsimikiza, tinene kuti ndi sda, lembani cfdisk /dev/sda, musankhe gpt, mugawe diskiyo patatu. Gawo loyamba 1G, mtundu wake EFI System, ndi momwe kompyuta imayang'ana ikamayaka. Lachiwiri 4G la Linux swap, lothandizira RAM ikadzaza. Lachitatu malo onse otsala. Sankhani Write, mulembe yes. Kenako:

mkfs.fat -F 32 /dev/sda1
mkswap /dev/sda2
mkfs.ext4 /dev/sda3
mount /dev/sda3 /mnt
mount --mkdir /dev/sda1 /mnt/boot
swapon /dev/sda2

Mizere itatu yoyambayo ikukonza magawowo kuti athe kusunga zinthu, itatu inayo ikuwatsegula kuti tiyambe kulongezamo. Kulongezako ndi komandi imodzi:

pacstrap -K /mnt base linux linux-firmware networkmanager nano sudo grub efibootmgr intel-ucode

Ngati purosesa yanu ndi ya AMD, lembani amd-ucode m'malo mwa intel-ucode. Yang'anani bwino liwu loti networkmanager. Pa ArchWiki chitsanzo chawo chili ndi base, linux ndi linux-firmware zokha, zinazo amazitchula m'ndime yomwe anthu ambiri amaidumpha. Mwana wa achemwali anga anaidumpha pa ulendo wake woyamba. Anamaliza zonse, Arch n'kuyaka, iye n'kuwomba m'manja, kenako n'kupeza kuti alibe intaneti ndipo sangatsitse pulogalamu yolumikizira intaneti popanda intanetiyo. Anandiyang'ana. Sindinamuuze yankho, ndinangomufunsa kuti intaneti inali kugwira pati poyamba paja. Anakhala chete mphindi zingapo, kenako anabwezera ISO, n'kuchitanso mount, n'kulowa mkati kukaika chomwe anaiwala. Tsiku limenelo anaphunzira zambiri kuposa mwezi wonse wa m'mbuyo.

Kulowa mkatiko kumachitika motere:

genfstab -U /mnt >> /mnt/etc/fstab
arch-chroot /mnt

Mzere woyamba ukulemba fayilo yokumbutsa kompyuta magawo a diski nthawi iliyonse ikayaka. Wachiwiri ukukulowetsani mu Arch watsopanoyo ngati kuti wayaka kale. Muuloweze pamtima, ndi womwe udzakupulumutseni m'tsogolo.

Nthawi ndi chilankhulo n'zachidule. Lembani ln -sf /usr/share/zoneinfo/Africa/Blantyre /etc/localtime kenako hwclock --systohc. A ku Zambia alembe Africa/Lusaka, a ku Tete Africa/Maputo, ali ku Britain Europe/London. Tsegulani nano /etc/locale.gen, mufufute chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzere wa en_GB.UTF-8, musunge, mulembe locale-gen, ndipo mu fayilo ya /etc/locale.conf mulembemo LANG=en_GB.UTF-8. Dzina la kompyuta lilembeni mu /etc/hostname.

Ikani pasiwedi ya root, akaunti yaikulu ya kompyuta, ndi passwd. Polemba simuona kanthu pa sikirini, ngakhale tinyenyezi, ndipo ambiri amaganiza kuti kiyibodi yafa. Ikulemba, pitirizani. Dzipangireni akaunti yanu ndi useradd -m -G wheel ndi dzina lanu, muipatse pasiwedi, kenako EDITOR=nano visudo, mupeze mzere woyamba ndi %wheel n'kuuchotsera #. Mukatero mudzatha kugwiritsa ntchito sudo, komandi yokubwerekani mphamvu za root, osakhalira kulowa ngati root, yemwe ali ndi mphamvu zowononga chilichonse.

Zotsala ndi kuika GRUB, pulogalamu yoyatsa Arch, ndi kudzutsa NetworkManager:

grub-install --target=x86_64-efi --efi-directory=/boot --bootloader-id=GRUB
grub-mkconfig -o /boot/grub/grub.cfg
systemctl enable NetworkManager

Zilembo N ndi M mu NetworkManager zikhale zazikulu, Linux amasiyanitsa. Tulukani ndi exit, mulembe umount -R /mnt, kenako reboot, muchotse ISO kapena fulashi. Ikakufunsani dzina ndi pasiwedi pa sikirini yakuda, mwakwanitsa. Lumikizani Wi-Fi ndi nmtui. Kuti mukhale ndi desktop, pa laputopu yakale ine ndimaika Xfce kudzera pa pacman, pulogalamu yotsitsa ndi kuika mapulogalamu mu Arch:

sudo pacman -S xorg-server xfce4 lightdm lightdm-gtk-greeter network-manager-applet firefox
sudo systemctl enable lightdm

Wofuna KDE Plasma kapena GNOME asankhe yekha, ufulu wa Arch ndi umenewo. Koma ma desktop ongoyendera kiyibodi monga i3 ndi Hyprland, omwe achinyamata amaona pa YouTube n'kuwasirira, asiyeni kaye mpaka zinazi zitakhazikika.

Chitani zonsezi katatu mu VirtualBox. Ulendo woyamba mukopera chabe. Wachiwiri muyamba kufunsa kuti mzere uwu ukuchita chiyani. Wachitatu yesani kulemba osayang'ana, muyang'ane pokhapokha mwakakamira.

Kuika ndi ntchito ya tsiku limodzi, kusamala ndi kwa zaka, ndipo ambiri amagwera pamenepa. Komandi yosinthira zonse ndi sudo pacman -Syu. Musanailembe, tsegulani tsamba loyamba la archlinux.org muone nkhani. Nthawi zina amalemba kuti kusintha kwina kukufuna kuti muchitepo kanthu pamanja, ndipo amafotokoza chochita. Zimatenga mphindi imodzi. Musalembe pacman -Sy ndi dzina la pulogalamu popanda u uja pofuna kusunga bandulo. Ndikudziwa kuti mayeserowo ndi aakulu mukaona 800MB ikudikira pomwe inu mukufuna kapulogalamu ka 5MB. Koma mukatero mumasakaniza zatsopano ndi zakale, ndipo eni ake a Arch amanena poyera kuti zimenezo sazichirikiza. Pulogalamu ina ikhoza kusiya kutseguka, nthawi zina ngakhale pacman yemwe. Ngati bandulo palibe, dikirani. Musadutsenso miyezi yambiri osasintha, chifukwa zosinthazo zikaunjikana zimavuta kumasula. Ine ndimachita kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, Lachisanu madzulo, kuti chikavuta ndikhale ndi Loweruka lokonzera.

Za magetsi tsopano. Musayambe pacman -Syu batire ili pang'ono, ndipo pa kompyuta ya patebulo yopanda UPS, batire yosungira magetsi, ganizani kawiri nthawi yomwe magetsi akuthimathima. Akathima pomwe ikungotsitsa, palibe choopsa. Mukayatsa mwina ikuuzani kuti database yatsekedwa, mufufute fayilo ya /var/lib/pacman/db.lck n'kuyambiranso. Akathima pomwe ikuika kernel, kompyuta ikhoza kukana kuyaka. Pamenepo ndiye fulashi yokhala ndi ISO yomwe munaikira Arch ija imagwira ntchito, choncho musaifafanize n'kuikamo nyimbo. Yatsani ndi fulashiyo, mount magawo awiri aja, sda3 ndi sda1, arch-chroot /mnt, kenako pacman -Syu ndi pacman -S linux. Ndimalangizanso kuika linux-lts, kernel yokhalitsa, pambali pa kernel ya nthawi zonse, n'kulembanso grub-mkconfig uja, kuti ina ikavuta musankhe inzake poyatsa.

Zonse zomwe pacman watsitsa amazisunga mu /var/cache/pacman/pkg. Fodayi imafufuma mpaka kudzaza diski. Ikani pacman-contrib, ndipo mwezi uliwonse mulembe sudo paccache -r, isiya mitundu itatu yaposachedwa ya pulogalamu iliyonse. Fodayi ilinso ndi phindu kwa ife a bandulo: ngati muli awiri ogwiritsa ntchito Arch, mmodzi atsitse, winayo akopere mafayilowo pa fulashi n'kuwaika mu foda yomweyo kwake, pacman sadzatsitsanso zomwe wazipeza kale.

Pali AUR, nkhokwe yomwe anthu wamba amaikamo malangizo omangira mapulogalamu omwe mulibe mu nkhokwe ya Arch mwiniwake. Pafupifupi chilichonse chimapezekamo, ndipo ambiri amakondera Arch chifukwa cha iyo. Koma aliyense angathe kuikamo chinthu, ndipo palibe amene amaziunika zonse zisanafike kwa inu. Mu July 2025 anachotsamo mapulogalamu angapo omwe anapezeka kuti abisa kachilombo kolola munthu wakutali kulowa mu kompyuta yanu. Woyamba kumene asagwireko miyezi yoyambirira, ndipo akadzayamba, aziwerenga fayilo ya malangizowo yotchedwa PKGBUILD asanamange kanthu, aone komwe ikukatenga zinthu.

Ena amafunsa za EndeavourOS ndi Manjaro, zomwe zinamangidwa pa Arch koma zimaikidwa ndi mausi. EndeavourOS ndi yabwino kwa munthu wofuna kulawa pacman mwachangu, koma bandulo ndi chisamaliro chake n'chimodzimodzi. Arch yemweyu ndi amene kampani ya Valve inamangirapo SteamOS ya pa Steam Deck, kachipangizo kosewerera magemu, choncho si choseweretsa. Kungoti kumeneko kampaniyo ndi imene imayesa zosintha zisanafike kwa ogula, pomwe pa laputopu yanu woyesayo ndinu. Ndipo ngati kompyuta yanu ndi yakale kwambiri ya 32-bit, Arch anasiya kuzithandiza mu 2017, musadzivute.

Mnyamata uja anakwanitsa pa ulendo wachitatu, mu ola limodzi ndi theka, akuyang'ana pafoni kawiri kokha. Patapita miyezi inayi anasunga ndalama n'kugula diski ya SSD ya 128GB yogwiritsidwa kale ntchito. Ubwino wa T430 ndi woti diski imatuluka mosavuta. Tinatulutsa ya Mint, yokhala ndi sukulu yake yonse, tinaikulunga m'kathumba n'kuiika mu kabati, tinalowetsa SSD. Ndinamuthandiza kupanga fulashi ya Arch ndi pulogalamu ya Ventoy, kudina F1 poyatsa kuti azimitse chitetezo chotchedwa Secure Boot poti ISO ya Arch siyaka chilipo, ndi F12 kuti asankhe fulashi. Zinazo anachita yekha ine ndikumwa tiyi pakhonde. Nthawi ya mayeso amabwezera diski ya Mint, mayeso akatha amabwezera SSD.

Sabata yatha anaimba foni usiku. "Malume, mawu sakutuluka m'masipika." Ndinayamba kumufunsa ngati anaika pipewire, pulogalamu yoyendetsa mawu, koma anandidula. Anati wapeza kale pa ArchWiki, anali asanaike pipewire-pulse ndi wireplumber, ndipo tsopano zikumveka. Chomwe amaimbira n'chakuti mnzake wa m'kalasi akufuna Arch pa laputopu yomwe ili ndi pulojekiti yake ya chaka chomaliza, ndiye amafuna kubwereka hadi diski yanga yakunja kuti akayambe ndi kumukoperera mafayilo.